Mtsinje wakuda m'Buku la Mafumu

Usiku wina magetsi atathima, laputopu itatsala ndi moto wa ola limodzi, ndinkayang'ana chithunzi chimene chinajambulidwa pamanja ku Tabriz zaka pafupifupi 500 zapitazo. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Metropolitan ku New York inaika zithunzi zoterezi pa intaneti, ndipo munthu utha kuzikuza mpaka kuwerenga ndevu za msilikali imodziimodzi. Zonse zinkawala ngati zapakidwa dzulo: thambo lagolide, malaya abuluu, timaluwa tochepa kuposa njere ya mpunga. Koma pakati pa msipu panadutsa kamtsinje kakuda bii ngati makala. Ndinaganiza kuti wojambulayo ankaphiphiritsa imfa kapena tsoka. Ayi ndithu. Madziwo anawapaka siliva weniweni kuti azinyezimira, ndiye siliva akakhalitsa amada. Mfumu imene inalamula kuti bukuli lipangidwe inkaona madzi akung'anima pomwe ine ndinkaona makalapo.

Bukuli ndi Shahnameh, kutanthauza kuti Buku la Mafumu. Analilemba mlakatuli Abul-Qasim Ferdowsi wa ku Tus, kumpoto chakum'mawa kwa Iran, kufupi ndi mzinda wa Mashhad. Anabadwa cha m'ma 940, anayamba ntchitoyi cha m'ma 977, n'kudzaimaliza mu Malichi 1010. Zaka zoposa 30 pa ndakatulo imodzi! Ili ndi mavesi pafupifupi 50,000, vesi lililonse mizere iwiri yothera m'mawu omveka mofanana, mzere uliwonse maphatikizo 11, kuyambira koyamba mpaka kumapeto osasintha kayendedwe. Imalondola maufumu 50, kuyambira Kayumars amene ankakhala m'mapiri atavala chikopa cha kambuku, mpaka Yazdegerd Wachitatu amene anaphedwa ku Merv mu 651 akuthawa asilikali a Aluya. Koyambirira ndi nthano zokhazokha, pakati pali nkhondo za ngwazi, ndipo kumapeto kuli mafumu a banja la Sasan, amene analamuliradi ndipo ndalama zawo zachitsulo zimafukulidwabe.

Pamene Ferdowsi ankabadwa n'kuti Iran atakhala pansi pa ulamuliro wa Asilamu zaka pafupifupi 300, ndipo chinenero cha ophunzira chinali Chiarabu. Mafumu a banja la Saman ku Bukhara ndi amene analimbikitsa kuti Chifarsi, chinenero cha ku Iran, chizilembedwanso, tsopano m'zilembo za Chiarabu. Mu 957 bwanamkubwa wa Tus, Abu Mansur, anasonkhanitsa anthu odziwa mbiri yakale kuti ailembe m'chilankhulo chapoyera, chosakhala chandakatulo. Mlakatuli wina, Daqiqi, anayamba kuisandutsa ndakatulo, koma atangofika mavesi ngati 1,000 wantchito wake anamupha. Ferdowsi anayambira pomwepo. Mavesi a Daqiqi anawalowetsa m'buku lake, akuti malemuyo anamubwerera kutulo n'kumupempha kutero. Atangomaliza kuwakopera ananena mosabisa kuti ndi mavesi ofooka, ndipo wawaikamo kuti owerenga aone kusiyana kwake. Alakatuli sanayambe lero kudyana miseche.

Ferdowsi anali wa gulu lotchedwa dehqan, eni minda akumudzi amene ankasunga mbiri ya makolo. Munda unkamudyetsa, koma ndakatulo inadya munda. M'kati mwa nkhani za mafumu mumamveka mawu a nkhalamba ikudandaula: matalala awononga mbewu, nkhuni zatha, nyama yofutsa palibe, mano akugwedera, makutu sakumva. Pena anaimitsa nkhani ya mfumu Khosrow Parviz kuti alire mwana wake wamwamuna. Iye anali ndi zaka 65, mwanayo 37, ndipo akumudzudzula kuti walowerera pamzere, woyenera kutsogola anali bambo.

Mutu wakuti Buku la Mafumu unandinamiza. Ndinkayembekezera nyimbo yotamanda, ija ya woimba amene akuyang'ana m'thumba la bwana. Ndinapezamo mafumu ambiri opusa, amantha, ansanje ndi ankhanza, ndipo mlakatuli sawabisira. Jamshid analamulira zaka 700, anaphunzitsa anthu kuwomba nsalu, kusula zida, kumanga ndi njerwa ndi kuchiza matenda, anayambitsanso chikondwerero cha chaka chatsopano cha Nowruz. Tsiku lina ananena kuti zonsezi n'zake, palibenso wina pamwamba pake. Pomwepo farr, ulemerero umene Mulungu amabwereka mfumu, unamuchokera, ndipo mapeto ake anachekedwa pakati ndi sowo.

Amene anamucheka ndi Zahhak. Mdyerekezi anabwera kwa Zahhak ngati wophika, n'kumukometsera zakudya mpaka mfumu inati apemphe chilichonse. Anangopempha kupsompsona mapewa ake. Pamene panakhudza milomo panamera njoka ziwiri zakuda, ukazidula zimaphukanso. Mdyerekezi yemweyo anabweranso ngati sing'anga, nati njokazo zizidyetsedwa ubongo wa anthu. Ndiye tsiku lililonse anyamata awiri ankaphedwa. Amuna awiri achifundo analowa ntchito kukhitchini ya mfumu, n'kumathawitsa mnyamata mmodzi mwa awiriwo, ubongo wa winayo n'kuusakaniza ndi wa nkhosa. Kupulumutsa theka, theka linalo kulipha ndi manja awo. Ferdowsi sakutiuza ngati ankagona tulo.

Chimene sichindichoka m'mutu pa nkhani imeneyi ndi kalata. Zahhak atayamba kuopa, anaitanitsa akuluakulu a dziko kuti alembe chikalata chochitira umboni kuti iye sanachitepo choipa, amangonena zoona ndi kuweruza mwachilungamo. Onse anasayina, achikulire ndi achinyamata omwe. Ali mkati mosayina, pachipata panamveka kukuwa. Anali Kaveh, mmisiri wosula zitsulo, amene ana ake anali atapita kale ku njoka zija ndipo tsopano amugwirira wotsala. Mfumu inalamula kuti mwanayo amubwezere, kenako inamupatsira chikalata chija kuti nayenso asayine. Mwana ali pambali pake wamoyo, chimene chatsala n'kungolemba dzina. Kaveh anawerenga mpaka pansi, anatembenukira akuluakulu aja n'kuwalalatira, anang'amba chikalatacho n'kuchipondaponda. Atatuluka anavula chikopa chimene osula amamanga m'chiuno potchinga moto, anachikoleka pa mkondo, ndipo anthu a pamsika anayamba kumutsatira. Zahhak anathera m'phanga la phiri la Damavand atamangidwa unyolo ndi Fereydun, amene anamulanda ufumu. Zonsezi zili m'buku limene linalembedwa kuti likaperekedwe kwa mfumu, ndipo mafumu analikopetsa kwa zaka mazanamazana.

Palinso Kay Kavus, mfumu imene inamangirira ziwombankhanga zinayi ku mpando wake, nyama itazikolekera pamwamba, kuti iuluke ikalande kumwamba. Inakagwera m'nkhalango. Wokaitola anali Rostam, ngwazi imene moyo wake wonse inkangokonza zimene mafumu awononga. Rostam ameneyu anagona usiku umodzi ku Samangan, n'kusiyira Tahmineh, mwana wamkazi wa mfumu ya kumeneko, chibangili kuti ngati pabadwe mwana wamwamuna adzamumange pamkono. Mwanayo, Sohrab, anakula n'kubwera ndi gulu lankhondo la adani kudzafuna bambo ake. Anakumana pabwalo la nkhondo. Mnyamatayo anafunsa dzina kangapo konse, Rostam n'kumakana kudzitchula. Atamubaya ndi pamene anaona chibangili pansi pa malaya achitsulo. Anatuma ngwazi inzake Gudarz kuthamangira kwa Kay Kavus, poti mfumu inali ndi mankhwala otchedwa nushdaru, otha kupoletsa bala lililonse. Mfumu inawerengera: bambo yekhayu amandivuta kale, nanga akakhala awiri ndi mwana wakeyo? Inakaniza. Mpaka lero olankhula Chifarsi akafuna kunena za thandizo lobwera zinthu zitatha amati nushdaru Sohrab atafa kale.

Mwambi umenewu unadzamugwera mlakatuli mwini wake, ngati tikhulupirire nkhani imene mlembi wina, Nizami Aruzi, analemba patatha zaka zoposa 100. Pamene Ferdowsi ankamaliza, banja la Saman linali litagwa, ndipo wamphamvu anali Sultan Mahmud wa ku Ghazna, m'dziko limene lero ndi Afghanistan, mwana wa munthu amene anayamba ngati kapolo wankhondo wa mtundu wa Turk. Bukulo linapita kwa iye. Akuti mphoto imene inatuluka inali madirihamu asiliva 20,000, yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene nkhalambayo inkayembekezera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mokwiya inalowa m'nyumba yosambiramo, potuluka inagula chakumwa, ndalama zonse n'kugawira wosambitsa ndi wogulitsa chakumwayo, kenako n'kuthawa. Patapita zaka Mahmud anamva chisoni, natumiza ngamira zitasenza utoto wa indigo wa mtengo wa madinari agolide 60,000. Ngamira zikulowa pachipata china cha mzinda, chithatha cha Ferdowsi chikutuluka pachipata china. Mwana wake wamkazi anakana mphatsoyo. Mlaliki wina anakanizanso kuti malirowo aikidwe kumanda a Asilamu, ponena kuti malemuyo anali wa Chishia, gulu lina la Chisilamu, choncho anamuika m'munda wake womwe. Akatswiri a mbiri amati nkhaniyi inakometseredwa, ndipo n'zoonekeratu, ngamira ndi chithatha sizikumana bwino chonchi m'moyo weniweni. Koma anthu anaisunga chifukwa ikufanana ndi buku lenilenilo.

Tsamba limene Ferdowsi analemba ndi dzanja lake kulibe ngakhale limodzi. Kope limene linapita kwa Mahmud kulibe. Lakale kwambiri limene lili ndi chaka chodziwika ndi la 1217, zaka 207 bukulo litamalizidwa, ndipo ndi theka loyamba lokha. Linakhala zaka zambiri mu laibulale ya ku Florence, ku Italy, litalembedwa m'kaundula ngati buku lomasulira Korani, mpaka katswiri wina, Angelo Piemontese, analizindikira cha m'ma 1978. Lathunthu lakale kwambiri ndi la 1276, lili ku British Library mu London. Zonse zimene timatcha Shahnameh zinatifika kudzera m'manja mwa okopera.

Ndili ku sekondale buku la sayansi linali limodzi kalasi yonse, ndiye tinkakopera manotsi kwa amene wakopera kwa amene anakopera. Tsiku lina mnzanga anadumpha mizere itatu chifukwa mizere iwiri inkathera m'mawu ofanana, diso linangotsetsereka kuchoka pa woyamba kufika pa wachiwiri. Theka la kalasi tinaloweza chiganizo chopanda mutu ndi mchira, n'kukachilemba pa mayeso molimba mtima. Ngati zinkatero ndi masamba awiri, nanga mavesi 50,000, mlembi atakhala pansi, pepala lili pabondo, akulemba ndi bango losongola ndi inki ya mwaye wa nyale wosakaniza ndi utomoni, miyezi ndi miyezi? M'zilembo za Chiarabu timadontho tikaikidwa molakwika, b amasanduka n kapena t. Mawu akale amene mlembi sankawadziwa ankawasintha n'kuika odziwika. Ena ankakonza zachipembedzo kuti zigwirizane ndi mpingo wawo. Ambiri ankangowonjezera, poti nawonso anali alakatuli pang'ono, ndipo pamene nkhondo yakoma dzanja limayabwa. N'chifukwa chake makope amasiyana ndi mavesi zikwizikwi. Katswiri wina, Djalal Khaleghi-Motlagh, anatha zaka zoposa 30 akuyerekeza makope akale mzere ndi mzere, ndipo ntchito yake inatuluka m'mabuku 8 pakati pa 1987 ndi 2008. Ngakhale vesi lotchuka kwambiri, lija mlakatuli amanenamo kuti anavutika zaka 30 n'kudzutsa Iran ndi Chifarsi, limene ana asukulu amaloweza, akatswiri ena amakayika ngati ndi lake.

Ine okoperawa sindiwakwiyira. Taonani zimene zinachitika ndi Sohrab. Anthu sanapirire kuti mnyamata uja afe chonchija, osasiya mbewu. Ndiye panabadwa ndakatulo ina, ya mlakatuli wina, yonena kuti Sohrab anasiya mwana dzina lake Barzu. Barzu nayenso anakula, nayenso anakalimbana ndi Rostam osadziwana, nayenso anagwetsedwa pansi mpeni uli m'mwamba. Koma ulendo uno mayi ake analipo, anakuwa dzina nthawi ikadalipo, ndipo agogo anakumbatira mdzukulu. Alembi ena anailowetsa nkhaniyi m'kati mwa Shahnameh ngati kuti ndi ya Ferdowsi. Katswiri amaichotsa, ndipo akulondola. Koma amene anailowetsayo bukulo analimva mpaka m'mafupa. Ndi mtima womwewo umene unkadzaza nyumba zomwera tiyi ku Tehran ndi ku Isfahan, kumene naqqal, wokamba nkhani atagwira ndodo, ankafotokoza bukuli chigawochigawo kwa anthu osadziwa kuwerenga, ndipo usiku wopha Sohrab unkadziwikiratu, malo n'kuchepa. Mu 2011 UNESCO inaika luso limeneli pa mndandanda wa miyambo yofunika kuipulumutsa msanga.

Mafumu nawo ankalifuna bukuli, makamaka obwera. A Mongol amene anapasula mizinda ya Khorasan, chigawo cha kwawo kwa Ferdowsi, m'zaka za m'ma 1220, zidzukulu zawo zinalamula kope lalikulu lazithunzi ku Tabriz cha m'ma 1330. Baysonghor, mdzukulu wa mfumu yankhondo Timur, anapangitsa lake ku Herat mu 1430, limene lili ku nyumba yachifumu ya Golestan ku Tehran. Kukhala ndi Shahnameh yako kunali ngati kunena kuti nanenso ndili pamzere wa mafumu 50 aja. Ntchito inkagwiridwa ndi gulu: wosalaza pepala, wolemba mizere ya m'mbali, mlembi wodzaza madanga anayi a tsamba, wopaka golide, wojambula, womanga chikuto. Buluu ankapera mwala wa lapis lazuli wochokera ku Badakhshan, timaburashi tinali ta ubweya wa mphaka kapena gologolo. Ku Istanbul kuli lipoti limene woyang'anira amisiri a Baysonghor analembera bwana wake, kutchula mmisiri aliyense ndi pamene wafika. Pa mmodzi, amene ankakongoletsa tsamba loyamba la Shahnameh, analemba kuti maso akhala akumuwawa masiku angapo. Kamzere kameneka ndimakakonda kuposa golide yense wa m'bukumo.

Ena sanakhutire ndi kukopetsa, anafuna Shahnameh yonena za iwo eni. Hamdallah Mustawfi analemba Zafarnameh ya mavesi 75,000, yofika mpaka nthawi ya mafumu a Mongol, n'kuimaliza cha m'ma 1335. Hatifi anaimba za nkhondo za Timur. Ku Istanbul mafumu a Ottoman anachita kukhazikitsa udindo wa mlembi wa shahnameh, wolandira malipiro, woika zochita za sultani m'ndakatulo za Chifarsi pa kayendedwe komwe kaja ka Ferdowsi. Olemba mbiri amazigwiritsa ntchito, ndipo zithunzi zake n'zokongola. Koma palibe amene anadzazapo nyumba ya tiyi pofuna kumva zimenezo. Mfumu ya m'menemo siilakwa, ndiye ungaimvere chiyani?

Tsamba langa la mtsinje wakuda linachokera m'kope la Shah Tahmasp, mfumu ya Iran. Analiyambitsa bambo ake, Shah Ismail, cha m'ma 1522, ndipo ntchito inatenga zaka zoposa 10: masamba 759, zithunzi 258, ojambula ngati Sultan Muhammad, Mir Musavvir ndi Aqa Mirak. Tahmasp ali mnyamata ankaphunzira kujambula, koma atakula analowa kwambiri m'zopemphera n'kutaya chidwi. Mu 1568 anatumiza bukulo ngati mphatso kwa Sultan Selim Wachiwiri wa Ottoman, amene bambo ake analanda Tabriz kangapo. Buku lodzaza ndi nkhondo za Iran ndi Turan, dziko limene ankalitenga ngati la Aturk, kupita kwa mfumu ya Chiturk! Linakhala ku Istanbul zaka zoposa 300 lili lathunthu. Pofika 1903 linali ku Paris m'manja mwa Baron Edmond de Rothschild, likadali lathunthu. Mu 1959 analigula Arthur Houghton, mpondamatiki wa ku America wa banja la fakitale ya magalasi, munthu wodziwika kuti amakonda mabuku.

Iyeyu ndi amene analimasula tsamba ndi tsamba. Mu 1970 anapereka zithunzi 78 ku Metropolitan, ndipo kuyambira 1976 zina zinayamba kugulitsidwa pa okushoni ku London, chimodzichimodzi. Sanali woyamba. Kope la a Mongol lija linaphwasulidwa ku Paris cha m'ma 1910 ndi wamalonda Georges Demotte, amene pena ankachita kusenda tsamba lokhala ndi zithunzi mbali zonse kuti atulutsemo awiri ogulitsa. Masamu ake ndi osavuta: buku lathunthu ogula ndi ochepa, tsamba limodzi ogula ndi ambiri. Mu 2011 tsamba limodzi la Tahmasp linagulidwa pa mapaundi 7.4 miliyoni, ndipo mu 2022 lina linapitirira mapaundi 8 miliyoni. Ndiyenera kuvomereza kuti mwina chikhala kuti bukulo silinamasulidwe, ine sindikanaona kamtsinje kaja pa laputopu usiku uja. Sizindichititsa kumukhululukira. Mlembi wowonjezera mavesi ankaganiza kuti akutumikira nkhani. Wodula masamba anaona zithunzi zokha, ndakatulo n'kukhala ngati udzu womera m'mbali.

Houghton atamwalira mu 1990 panatsala zithunzi 118, chikuto, ndi masamba pafupifupi 500 a mawu okhaokha, amene msika sunkawafuna. Iran analibe ndalama zogulira, koma m'chipinda chapansi cha nyumba yosungiramo zojambula zamakono ku Tehran munali chithunzi cha mkazi chojambulidwa ndi Willem de Kooning, chimene boma la Chisilamu silikanalola kuchionetsa. Mu 1994 anasinthana pa bwalo la ndege ku Vienna, bokosi uku kutsika, bokosi uku kukwera. Mavesi a Ferdowsi anabwerera kwawo mwa njira imeneyo, ali ndi mipata paliponse pamene panali chithunzi chogulitsidwa.

Moto wa laputopu utatsala pang'ono kutha ndinatsegula chithunzi cha kuseri kwa tsamba lija. Kunali mawu okhaokha, madanga anayi a zilembo zopendekeka ngati mbalame zikutera, m'mbali mwake atawazamo golide. Vesi lomaliza pansi kumanzere linasiya nkhani ili pakati. Kuti umve zotsatira uyenera kutembenuza tsamba, ndipo tsambalo lili ku Tehran, ku Toronto, ku Doha, kapena pakhoma la chipinda cha munthu wina amene sanafune kuti dzina lake litchulidwe pa okushoni.